Webusayiti Yatsika pa Google: Zoyenera Kuchita Musanayambe Kuphwasula

Zimayamba mwakachetechete. Foni yomwe imalira kangapo pa tsiku, anthu akufunsa mtengo wa chipinda kapena ngati katundu wafika, imangoti zii. Sabata imodzi, sabata ziwiri. Kenako mulemba dzina la malonda anu pa Google, ndipo tsamba lomwe linkakhala pamwamba mukulipeza pa peji yachitatu, kumene safikako munthu. Mukafunsa mnyamata amene anakupangirani webusayiti, yankho ndi lomwe lija: "Bwana, Google yasintha algorithm." Tsiku lomwelo, ngati kuti ananunkhiza, wina wakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti iyeyo amabwezera mawebusayiti pa nambala 1 m'masiku asanu ndi awiri.

Ndasamalira mawebusayiti a mabizinesi ang'onoang'ono kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti ambiri saphedwa ndi kusintha kwa Google ayi. Amaphedwa ndi zomwe eni ake amachita m'masiku oyamba a mantha: kufufuta masamba, kusintha mitu yonse usiku umodzi, kugula malinki kwa munthu wosamudziwa. N'chifukwa chake theka loyamba la malangizo awa ndi lofufuza basi, manja ali m'thumba.

Chimasintha n'chiyani kwenikweni?

Taganizirani msika wa m'mbali mwa msewu, ngati wa pa Lizulu. Amene benchi lake lili pomwe mabasi amaima, kabichi wake amatha msanga. Wakumbuyo amaotcha dzuwa. Pa intaneti wogawa mabenchi ndi Google, ndipo imagawa potsatira ndondomeko za makompyuta zomwe a ntchitoyi amazitcha algorithm. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa kampaniyi mu 1998, chida chawo chachikulu chinali PageRank: tsamba lomwe masamba ena ambiri aika linki yolozera kwa ilo linkatengedwa kuti ndi lodalirika. Anthu atazindikira, anayamba chinyengo, ndipo kuchokera pamenepo Google yakhala ikutseka mipata umodziumodzi. Panda, ya mu Febuluwale 2011, inagwetsa mawebusayiti odzaza ndi tinkhani topanda mutu tolembedwa mothamanga. Penguin, ya mu Epulo 2012, inalimbana ndi malinki achinyengo. Mu Epulo 2015 masamba osawerengeka bwino pa foni anayamba kutsitsidwa kwa anthu osaka pa foni. Mu 2019 kunabwera BERT, yothandiza makina kumva tanthauzo la chiganizo chonse m'malo mongotola mawu amodziamodzi.

Masiku ano tinthu tating'ono timasintha pafupifupi tsiku lililonse, koma kangapo pa chaka Google imalengeza kusintha kwakukulu kotchedwa core update. Apa mvetsetsani: core update si chilango. Palibe munthu amene wakhala pansi n'kunena kuti "ameneyu tim'khaulitse." Agawanso mabenchi a msika wonse, ndipo wina amene anali kumbuyo waoneka kuti katundu wake akuposa wanu. Chilango chenicheni chiliko, koma chili ndi dzina lake, ndipo tikumana nacho m'gawo lachitatu.

Gawo 1: Lekani kudzisaka pa foni yanu

Zomwe mumaona mukadzisaka nokha si zodalirika. Zotsatira zimasiyana malinga ndi komwe muli, chilankhulo cha foni ndi zomwe munasakapo kale. Wa ku Mzuzu ndi wa ku Johannesburg akalemba mawu omwewo sapeza mndandanda wofanana. Chida choyenera ndi Google Search Console, ndipo n'chaulere. Ngati simunalembetse, lembetsani lero. Mumalowa ndi akaunti ya Gmail, n'kuika dzina la webusayiti, kenako n'kutsimikizira kuti ndi yanu poika kachizindikiro komwe akupatsani, kaya ku DNS (makonzedwe a adiresi yanu) kumene munagula domain, lomwe ndi dzina la webusayitiyo, kapena m'mutu mwa tsamba loyamba. Ngati anakulembetserani ndi wokupangirani webusayiti, muuzeni akuikeni inuyo ngati mwini. Pamenepa musachite manyazi. Ndaonapo anthu atayambana ndi wowapangira, n'kutsala panja pa nyumba yawoyawo.

Mukalowa, dinani Performance. Muona manambala anayi. Clicks ndi anthu amene anadinadi n'kulowa kwanu. Impressions ndi kuchuluka kwa maulendo omwe tsamba lanu linaonekera pa zotsatira, kaya wina anadina kapena ayi. CTR ndi gawo la oona amene anadina. Position ndi malo omwe mumakhala mukaphatikiza maulendo onse. Chidachi chimasunga manambala a miyezi 16. Sankhani nthawi yonseyo, tsatirani mzere wa clicks, ndipo pezani tsiku lenileni lomwe unayamba kutsika. Lilembeni m'kope. Onetsetsaninso kagwedwe kake. Kugwa ngati m'chiphompho, lero anthu ambiri mawa pafupifupi palibe, kawirikawiri ndi vuto la m'nyumba mwanu momwemo. Kutsetsereka kwa masiku angapo kapena sabata ziwiri ndi kumene kumafanana ndi update.

Gawo 2: Fananitsani tsikulo ndi kalendala ya Google

Google ili ndi tsamba lotchedwa Search Status Dashboard, pomwe imalemba tsiku lomwe update yolengezedwa yayamba ndi lomwe yatha. Yang'anani mbali ya Ranking. Ngati inu munayamba kutsika mwezi wathunthu update isanayambe, musainamizire.

Ngati masiku akugwirizana, onani kaye ngati yatha. Imatenga nthawi kuti ifalikire. Zambiri zimatha m'sabata ziwiri kapena zitatu, koma core update ya mu 2024 yomwe inayamba pa 5 Malichi inatha pa 19 Epulo, masiku 45. Mkati mwa nthawi yotereyi masamba amakwera ndi kutsika ngati bwato pa mwera, ndipo amene watsika Lachiwiri akhoza kubwerera Loweruka osagwira kanthu. Google yomwe imalangiza kudikira sabata yathunthu update itatha musanayambe kuweruza manambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamasintha zinthu mafunde ali mkati, simudzadziwa ngati chakukwezani kapena kukumizani ndi nkhafi yanu kapena mphepo.

Gawo 3: Yambani mwakayikira pakhomo panu

Pamene mukudikira, pali ntchito. Pa milandu yambiri yomwe anthu amandibweretsera ati ndi update, wolakwa amapezeka ali pafupi.

Yambani ndi nyengo. Loji ya kunyanja sifunidwa mofanana mu Febuluwale ndi mu Okutobala. Tsamba lokamba za mayeso a MSCE limasefukira sabata yomwe MANEB yatulutsa zotsatira, kenako limakhala lokha. Wogulitsa mbewu ndi feteleza amasakidwa mvula ikayandikira. Choncho musangofananitsa mwezi uno ndi mwezi watha. Mu Performance tsegulani posankhira masiku, dinani Compare, ndipo fananitsani ndi miyezi yomweyi ya chaka chatha. Ngati position sinasunthe koma impressions zatsika, inu simunatsike. Anthu ndi amene asiya kusaka, ndipo Google Trends, chida choonetsa kuchuluka kwa anthu osaka mawu akutiakuti, ingakutsimikizireni zimenezo. Ngati position ndi impressions zili pomwepo koma clicks zachepa, sakani mawuwo muone chomwe chakhala pamwamba panu. Mwina ndi malonda olipira, mwina mapu, mwina yankho lolembedwa ndi makina la AI Overviews, lomwe Google inayambitsa ku United States mu Meyi 2024 n'kulifalitsa kumayiko ena pambuyo pake. Munthu akapeza yankho pakhomo, salowanso m'nyumba. Limenelo ndi vuto ndithu, koma si kutsika, ndipo kufufuta masamba sikungalithetse.

Kenako zaumisiri. Kodi hosting, malo omwe webusayiti imasungidwa pa intaneti, inalipiridwa? Nanga domain? Satifiketi ya SSL, yomwe imapangitsa adiresi kuyamba ndi https, ikatha mphamvu, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusayiti) imaopseza mlendo ndi chenjezo lofiira, ndipo iye amabwerera. Mu Search Console tsegulani Pages pansi pa Indexing muone ngati masamba ambiri achotsedwa m'kaundula mwadzidzidzi, ndipo ikani adiresi ya tsamba lanu lofunika kwambiri mu URL Inspection kuti Google ikuuzeni yokha ngati ikuliona.

Chaka china mayi wina wa loji anandiimbira mtima uli m'mwamba, atauzidwa kuti update yawagwetsa ndipo akonze ndalama zambiri. Titafufuza tinapeza kuti mnyamata amene anakonzanso maonekedwe a webusayiti anaiwala kabokosi kamodzi mu WordPress, pulogalamu yomangira mawebusayiti. Pansi pa Settings, mbali ya Reading, pali kabokosi kopempha makina osakira kuti asalembe webusayitiyo. Omanga amakachonga pomanga, kuti anthu asaone nyumba isanafoleredwe. Iyeyu anafolera bwinobwino n'kupita ndi kiyi. Kuchotsa chongicho kunatenga mphindi imodzi, ndipo masamba anabwerera pang'onopang'ono m'sabata zotsatira. Mbale wake wa cholakwachi ndi kusintha maadiresi a masamba osaika 301 redirect, yomwe imalondolera mlendo ndi Google kuchoka ku adiresi yakale kupita ku yatsopano. Kumeneko n'kusamuka usiku osatsanzika, kenako n'kumadabwa kuti abale sakubwera.

Pomaliza tsegulani Security & Manual Actions. Manual action ndiye chilango chija: munthu weniweni ku Google waona kuti mwaphwanya malamulo awo. Amalemba chifukwa chake, ndipo mukakonza mumadina Request Review n'kufotokoza zomwe mwachita. Security issues imakuuzani ngati akuba alowa. Mungathenso kuyesa nokha polemba site: kutsogolo kwa dzina la webusayiti yanu pa Google. Mukaona masamba a Chijapanizi, a juga kapena a mankhwala omwe simunalembepo, ndiye kuti mwathyoleredwa, kawirikawiri kudzera mu plugin (kapulogalamu kowonjezera mu WordPress) yakale yomwe palibe anaikonzanso. Zikatero iwalani za update. Sinthani mapasiwedi onse, chotsani zinyalalazo, ndipo konzani WordPress ndi ma plugin ake kuti akhale atsopano.

Gawo 4: Pezani pomwe pali bala

Tsopano tinene kuti zonsezi zili bwino, update yatha, sabata yadutsa, ndipo position yatsikadi. Musanene kuti "webusayiti yagwa." Funsani kuti ndi masamba ati. Mu Performance fananitsani sabata ya pambuyo pa update ndi sabata ya update isanayambe. Dinani Pages, sanjani potsatira kusiyana kwa clicks, ndipo muona omwe ataya kwambiri. Dinani tsamba limodzi, kenako Queries, kuti muone mawu omwe anthu ankalipezera. Yang'ananinso Countries ndi Devices, chifukwa nthawi zina mwatsika pa foni pokha, kapena mwataya alendo a ku Britain pamene a kuno akadalipo. Dinani Export, mutumize zonse ku Google Sheets, musunge.

Kukula kwa bala kukuuzani kukula kwa mankhwala. Kuchoka pa nambala 2 kufika pa 4 n'kutsika kochepa, ndipo Google imanena kuti musachite zazikulu, makamaka pa tsamba lomwe likugwirabe ntchito. Kuchoka pa 4 kufika pa 29 ndi nkhani ina. Ngati ovulala ndi masamba atatu mwa makumi asanu, ntchito ndi ya masamba atatuwo. Ngati ndi pafupifupi onse, ndiye kuti Google yasintha maganizo pa webusayiti yonse, ndipo ulendo ndi wautali.

Gawo 5: Werengani amene akulandani malo, kenako dziwerengeni nokha

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe ambiri amathawa.

Tengani mawu osakira asanu omwe mwataya kwambiri. Tsegulani browser mwa incognito, njira yosakumbukira zomwe munasakapo kale, sakani, ndipo werengani masamba atatu oyamba mpaka pansi, ndi maso a kasitomala osati a mdani. Funso ndi limodzi: munthu amene analemba mawu amenewa ankafuna chiyani, ndipo ndani wam'patsa? Nthawi zina mupeza kuti Google yamva funsolo mwatsopano. Tiyerekeze kuti wosaka za kukwera phiri la Mulanje kale ankapatsidwa masamba ogulitsa maulendo, koma tsopano akupatsidwa malangizo a njira, zonyamula ndi nyumba zogonamo pamwamba. Zikatero tsamba lanu la malonda silinalakwe. Langosiya kuyankha funsolo, ndipo mukufunika tsamba lina loyankha.

Koma kawirikawiri choonadi chimawawa: tsamba lawo ndi labwino kuposa lanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawebusayiti athu ambiri ali ndi zithunzi zonyezimira zotengedwa pa intaneti ndi mawu otamanda a Chingerezi, koma mulibe mtengo, mulibe njira, mulibe nthawi yotsegulira, ndipo nambala ya foni inasintha zaka ziwiri zapitazo.

Google ili ndi buku la malangizo la anthu omwe amayesa ubwino wa zotsatira zake. Oyesawa sakweza kapena kutsitsa tsamba la munthu mwachindunji, koma bukulo limaonetsa zomwe makina akuphunzitsidwa kufuna. M'menemo muli zilembo E-E-A-T, zomwe mwachidule zimafunsa ngati wolemba anachitapo yekha chinthucho, ngati amachidziwa bwino, ngati ena amamuzindikira pa nkhaniyo, ndiponso ngati ndi wokhulupirika. E woyamba, wa kuchitapo wekha, anawonjezedwa mu Disembala 2022, ndipo ine ndimati pamenepo ndi pamene pali mwayi wa ife ang'onoang'ono. Kampani ya ku London ikhoza kulemba za Cape Maclear mokometsera, koma siingauze mlendo kuti atsike pati akafika cha ku Monkey Bay, njinga yamoto imatenga nthawi yanji kuchokera pamenepo, msewu umakhala bwanji mvula ikagwa, kapena ngati netiweki ya Airtel kapena TNM imagwira m'zipinda zakumapeto. Inu mumadziwa, chifukwa mumayankha mafunso amenewa pa foni tsiku lililonse. Kwa sabata imodzi lembani funso lililonse lomwe kasitomala wakufunsani, kenako onani kuti ndi angati omwe webusayiti yanu imayankha. Mudzachita manyazi, monga ndinachitira ine.

Tsamba lililonse lovulala likonzeni motere. Yankho liike pamwamba. Munthu wa bandulo ya maola ochepa alibe nthawi yowerenga mbiri ya agogo anu asanaone mtengo. Konzani zomwe zinatha ntchito. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, choncho tsamba lomwe likadali ndi mitengo ya 2022 likunamiza anthu, ndipo tsabola wakale sawawa. Koma musangosintha deti pamwamba nkhani ili yomweyo. Google inatchula kale mchitidwe umenewu pakati pa zizindikiro za tsamba lolemberedwa makina osati anthu. Ikani dzina la wolemba ndi chifukwa chomwe tiyenera kumumvera. Ikani malo enieni a bizinesi ndi njira yokupezerani. Zithunzi zikhale zanu, ngakhale zitajambulidwa ndi foni wamba.

Ngati mumalemba zaumoyo kapena zandalama, dziwani kuti muyezo wake ndi wokhwima, chifukwa bodza pa nkhani zimenezi limapweteka munthu. Update ya mu Ogasiti 2018 inakhudza kwambiri mawebusayiti azaumoyo mpaka anthu anaipatsa dzina loti Medic. Tsamba lonena kuti mankhwala akutiakuti amachiza shuga, lopanda dzina la dokotala kapena umboni uliwonse, musayembekezere kuti lidzakwera, ndipo kunena zoona siliyenera kukwera.

Tsopano nkhani ya kukopera. Pali mawebusayiti ambiri a nkhani omwe ntchito yawo ndi kutenga zomwe nyuzipepala yalemba m'mawa, kusintha mawu awiri atatu, n'kuika dzina lawo. Masiku ano ena amangouza pulogalamu ya AI kuti ilembe nkhani makumi asanu pa tsiku. Google inanena mu Febuluwale 2023 kuti siiletsa AI payokha, imayang'ana ubwino wa zomwe zalembedwa. Koma mu Malichi 2024 inakhwimitsa lamulo lokhudza kutulutsa masamba ochuluka opanda phindu n'cholinga chongokwera, kaya walemba ndi makina kapena munthu. Mwezi womwewo, njira yoyezera ngati nkhani ndi yothandiza, yomwe inayamba payokha mu Ogasiti 2022, inalowetsedwa mkati mwa ndondomeko yaikulu yosanjira. Ngati webusayiti yanu ili ndi masamba mazana otere, ndiwo oyamba kuwakayikira.

Ngakhale zili choncho, kufufuta kukhale komaliza. Ngati muli ndi tinkhani tisanu tatifupi pa mutu umodzi, tiphatikizeni tikhale nkhani imodzi yokwanira, ndipo maadiresi akalewo muwalondolere ku yatsopanoyo ndi 301 redirect. Fufutani zokhazo zomwe simungazikonze komanso zomwe palibe amaziwerenga. Chotsaninso chizolowezi chobwereza mawu osakira ngati kondakitala woitanira: loji Mangochi, loji yotchipa Mangochi, loji yabwino Mangochi, m'ndime imodzi. Zimenezo zinkagwira ntchito kalekale.

Ndidutsireko pang'ono pa chilankhulo. Mukawerenga Queries mudzaona kuti anthu athu amasaka mosakaniza, monga momwe amalankhulira: mtengo wa simenti lero, zotsatira za mayeso, mmene tingatumizire ndalama kuchokera ku Joni. Zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, choncho tsamba lolembedwa bwino m'chilankhulo chathu lili ndi opikisana nalo ochepa. Koma lilembedwe ndi munthu. Kuponya Chingerezi mu Google Translate n'kumata zotuluka osaziwerenga kumabala Chichewa chomwe ngakhale mwana wa sitandade 4 angakuseke nacho, ndipo mlendo amene waseka sagula.

Gawo 6: Malinki, ndi mkulu uja wa pa WhatsApp

Linki yochokera ku webusayiti ina ikadali yofunika, ndipo n'chifukwa chake malonda ake sakutha. Amene akukulonjezani malinki chikwi pa mtengo wa thumba la chimanga akukugulitsani zinyalala za m'mawebusayiti omangidwira chinyengo chokhachokha. Zikayenda bwino, Google ingowanyalanyaza ndipo ndalama zanu zalowa m'madzi. Zikavuta, mulandira manual action. Palinso chowawa china: ngati munakwera ndi malinki ogula ndipo spam update, yolimbana ndi chinyengo, yawachotsera mphamvu, malo amenewo sabwerera ngakhale mutalapa, chifukwa sanali anu. Google imanena poyera kuti palibe munthu angakulonjezeni nambala 1. Mkulu ujayo mufunseni kuti achita chiyani kwenikweni, malinki achokera ku mawebusayiti ati, ndipo akuonetseni atatu. Ambiri amazimitsa deta pomwepo.

Tsegulani Links mu Search Console muone amene akukulozerani. Mukaona maina achilendo ambiri musanjenjemere. Pafupifupi webusayiti iliyonse ili nawo, ndipo Google inazolowera kuwataya. Chida chokanira malinki, chotchedwa disavow, chilipo kuyambira 2012, koma ndi cha amene anagula malinki kapena ali ndi manual action. Ena onse achisiye. Malinki abwino amachokera kwa anthu omwe mumagwira nawo ntchito: bungwe lomwe muli membala, kampani yomwe imakupatsani katundu, sukulu yomwe munaithandiza, mtolankhani amene anakufunsani maganizo. Ndi ochepa, amabwera mochedwa, koma sagwa ndi mphepo.

Samalaninso ndi maimelo a anthu ofuna kukulipirani kuti muike nkhani zawo za juga kapena ngongole pa webusayiti yanu. Akufuna kukwera pamsana pa dzina lanu, ndipo kuyambira 2024 Google ili ndi lamulo lapadera loletsa zimenezo. Linki iliyonse yolipidwa iyenera kukhala ndi chizindikiro cha sponsored kapena nofollow, chouza Google kuti isaiwerengere posanja masamba.

Gawo 7: Iyeseni pa foni yotchipa

Google tsopano imaweruza webusayiti potengera mmene imaonekera pa foni, osati pa kompyuta. Ikani adiresi yanu mu PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba. Chinthu chachikulu cha pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5, tsamba liziyankha mukadina pasanathe mamilisekondi 200, ndipo zinthu zisamadumphedumphe pamene likutseguka. Wolakwa wamkulu kawirikawiri ndi zithunzi zoikidwa momwe zinatulukira m'kamera. Zichepetseni, ndipo muzisunge ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi wosalemera. Chotsani zikwangwani zotchinga nkhani munthu asanawerenge. Kenako bwerekani foni ya mlonda kapena ya mdzukulu, yendani nayo pomwe netiweki imavuta, mutsegule webusayiti yanu. Liwiro lokha silingakweze nkhani yopanda pake, choncho musathere mwezi pa gawo limeneli.

Gawo 8: Lembani zomwe mwachita, kenako dikirani

Chilichonse chomwe mwasintha chilembeni m'kope lija ndi deti lake: tsamba lakuti, ndasintha zakuti, tsiku lakuti. Musakonze masamba onse tsiku limodzi. Yambani ndi asanu omwe amabweretsa ndalama, ndipo mukamaliza lililonse dinani Request Indexing mu URL Inspection kuti Google ibwere idzaone.

Sindikunamizani pa za nthawi. Zosintha zina zimaoneka m'masiku ochepa, koma ngati webusayiti yonse inatsika, zimatenga miyezi, ndipo nthawi zina mpaka core update yotsatira. Mawebusayiti ang'onoang'ono ambiri omwe anagwa mu Seputembala 2023 anakhala pansi pafupifupi chaka. Ena anadzayamba kudzuka ndi update ya mu Ogasiti 2024, ndipo ngakhale pamenepo ambiri sanafike pomwe anali. Google silonjeza kuti aliyense wokonza adzabwerera pa benchi lake lakale.

M'miyezi yodikirayi bizinesi iyenera kudya. Lembetsani Google Business Profile, yomwe ndi yaulere ndipo imakuonetsani pa mapu. Ikanimo nthawi yotsegulira ndi zithunzi, ndipo pemphani makasitomala enieni kuti alembepo ndemanga zawo, osati azilamu anu. Sungani manambala a makasitomala omwe avomera kuti muziwatumizira uthenga pa WhatsApp, ndipo tsamba lanu la Facebook lisagone. Search Console musamaitsegule m'mawa uliwonse, ingokudwalitsani mutu, chifukwa manambala a tsiku limodzi sanena kanthu. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, tinene loyamba, mutsegule Performance, mulembe manambala anayi aja a masamba asanu munakonza, muone Search Status Dashboard ngati kwayamba update ina, kenako musankhe masamba ena asanu oti mukonze mwezi umenewo.